Ku Zambia chipani chatsopano chimakula, kwathu kuno chimafota chisanabereke

Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chikutiwawabe ena a ife kuno ku Mchinji. Za amene anapambana tizisiye, chowawa ndi chimene chinachitikira omwe tinkawaona ngati njira yachitatu. Pa pepala lovotera pulezidenti panali anthu 17, koma mavoti pafupifupi 90 pa 100 alionse anagawana a Peter Mutharika ndi a Lazarus Chakwera. UTM, yomwe mu 2019 malemu a Saulos Chilima anaipezera mavoti 20 pa 100, inatsika mpaka kufika pa 4. Aphungu oima paokha anachuluka kuposa a MCP, koma ena mwa iwo sanachedwe kulengeza kuti agwira ntchito ndi boma. Ndiye tinkavotera chiyani, abale?

Ingodutsani pa Mwami mufike ku Chipata, mufunse m'mene chipani cha ku Zambia cha Patriotic Front (PF) chinabadwira. A Michael Sata anachoka mu MMD, chipani cholamula nthawi imeneyo, mu 2001 n'kuyambitsa chipani chawo ali kunja kwa boma, opanda galimoto za boma, opanda unduna woti anyengerere nawo anthu. Chaka chimenecho anapeza mavoti atatu okha pa 100. Anagonjanso mu 2006, anagonjanso mu 2008, koma chipani sichinabalalike. Anakhalira kulankhula ndi amisika, oyendetsa maminibasi ndi a m'migodi ya ku Copperbelt mpaka anawina mu 2011. UPND, chipani chinanso cha ku Zambia, ndiye yoposa apo. Anaiyambitsa a Anderson Mazoka mu 1998, iwo n'kumwalira mu 2006, chipani osafa nawo. A Hakainde Hichilema, omwe analowa m'malo mwawo, anagonja kasanu, mu 2017 anatsekeredwa m'ndende pa mlandu woukira boma, koma mu 2021 anapeza mavoti oposa 2.8 miliyoni pomwe a Edgar Lungu a PF anapeza 1.8 miliyoni. Zaka 23 ali kotsutsa!

Kwathu kuno chipani chatsopano chimabadwira ku nyumba ya boma, atsogoleri akayambana. A Bingu anawina mu 2004 pa tikiti ya UDF, DPP n'kubadwa mu 2005 iwo ali kale pampando. PP inabadwa mu 2011 Mayi Joyce Banda atachotsedwa mu DPP ali wachiwiri kwa pulezidenti. UTM nayo inakhazikitsidwa pa Masintha mu 2018, mwini wake, a Chilima, ali wachiwiri kwa pulezidenti. Chipani chotere chimadzaza msanga chifukwa anthu amatsata mpando. Mpando ukachoka, nsalu za chipani zimasanduka zoberekera ana, monga tinaonera ndi PP itagonja mu 2014. Zimene zinayambira kunja kwa boma, monga NDA ya a Brown Mpinganjira ndi Republican Party ya a Gwanda Chakuamba, zinangopirira chisankho chimodzi, eni ake n'kukagwirizana ndi olamula.

Vuto lalikulu lili m'malamulo a kusamuka kwa aphungu. Ku Zambia phungu akachoka m'chipani chimene chinamuimika, mpando umatha, anthu amakavotanso. Ngakhale woima payekha akalowa chipani, mpando amausiya. Kuno gawo 65 la malamulo aakulu a dziko limangokhudza amene anasankhidwa pa tikiti ya chipani, woima payekha alibe chomumanga. Ngakhale kwa enawo, gawoli lakhala likuzembedwa ndi ziletso za kukhoti kuyambira nthawi ya a Bingu. Tsono chipani chaching'ono chikavutika kupeza aphungu anayi, monga UTM mu 2019, chingawasunge bwanji pomwe mbali ya boma ikulonjeza msewu ndi mijigo?

Oima paokha athuwanso ambiri si njira yatsopano ayi. Ndi anthu a chipani chomwecho amene anaberedwa pa mapulaimale. Kuno ku Mchinji, komwe tambala wakuda anazika mizu, munthu akaona kuti mndandanda wa nthumwi za m'maeriya wasinthidwa usiku, amaima payekha koma pamsonkhano n'kumauza anthu kuti pa pulezidenti avotere a Kongeresi. Mu 2019 aphungu oima paokha analipo 55 mwa 193.

Ntchito imene zipani zathu zatsopano zimaithawa ndi yapansi. Lamulo la zipani la 2018 limafuna mamembala 100 m'boma lililonse kuti chipani chilembetsedwe, ndipo mayina amenewo amapezeka mosavuta. Chovuta ndi kukhala ndi komiti ya nthambi pamudzi, ya eriya, ya dera, zokumana ngakhale kulibe kampeni, komanso monita pa malo aliwonse ovotera, wodziwa kuwerenga pepala la zotsatira, wopatsidwa chakudya ndi ndalama ya kabaza kuti asachoke kuwerenga kusanathe. Chipani chodzaza bwalo ku Lilongwe koma chopanda monita ku Mkanda, Kapiri kapena Waliranji chimangodyetsa galu. Ndalama za boma nazo zimapita ku chipani chokhacho chopeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye chaching'ono chimadalira thumba la munthu mmodzi. Iye akatopa kapena akamwalira, basi.

Apa tivomereze, sikuti ku Zambia n'kumwamba. Nawonso amavota motsata kwawo: UPND inapirira chifukwa chigawo cha kummwera kwawo chinaigwira osataya. Pa makhoti ndiye tinawaposa. Dandaulo la a Hichilema lotsutsa zotsatira za chisankho cha 2016 linatayidwa osamvedwa ati masiku 14 atha, pomwe khoti lathu pa 3 Febuluwale 2020 linafafaniza chisankho cha Tipp-Ex cha 2019 n'kubweretsa 50+1, lamulo loti wopambana apeze mavoti oposa theka. Koma 50+1 yomweyo inameza zipani zazing'ono. Zisanu ndi zinayi zinalowa mu Tonse, MCP n'kutenga zonona, enawo n'kutuluka ali ofooka kuposa m'mene analowera.

Achewa anzathu a ku Chipata ndi Katete, omwe timakumana nawo ku Kulamba kwa Gawa Undi ku Mkaika, anaona UNIP, chipani cha a Kaunda, ikugwa mu 1991 osadzukanso, MMD ikugwa mu 2011 osadzukanso. Ife tinachotsa MCP mu 1994 n'kuibweza mu 2020, tachotsa DPP mu 2020 n'kuibweza mu 2025.