Jumbo imodzi, malamulo awiri pa Lizulu

Abale anga a ku Ntcheu ndi Dedza, nkhani ya majumbo opyapyala yafika posauzana. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire. Jumbo yokhuthala ma micron 40 ukaigwira uli tsidya la Mozambique ndi yololedwa, ukangodumpha tala n'kuima mbali ya kwathu yasanduka katundu woletsedwa. Lamulo lathu la 2015 limakana majumbo apulasitiki osafika ma micron 60, pomwe la anzathuwa, lomwenso lidatuluka mu 2015, lidaima pa 30. Micron imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000, ndiye 60 ndi 0.06 mm. Mayi wogulitsa kabichi ndi mbatatesi angasiyanitse bwanji zimenezi ndi zala? Pamafunika kachipangizo koyezera makulidwe, ndipo pamsika simungakaone.

Polemba lamulo tidawaposa, ndipo ndimanyadira. Koma anzathuwa adawonjezera chinthu chanzeru: adaletsa masitolo kupereka jumbo yaulere. Munthu akamalipira jumbo amaisunga, mawa n'kubwera nayo. Ife lamulo lathu lokhwimalo lidakhalira kubwalo la milandu pafupifupi zaka khumi. Opanga mapulasitiki adakatenga chiletso, bwalo la Supreme lidagamula mu 2019 kuti lamulo ligwire ntchito, ziletso zina n'kubweranso, mpaka mu Januwale 2025 pomwe bwalo lalikulu lidachotsa chiletso china. Nthawi yonseyo makina akulavula tijumbo tabuluu usana ndi usiku, toikamo tchipisi chotentha, mandasi, tomato, ngakhale mafuta ophikira a kaunjika. Aphungu athu adali kuti? Kuletsaku kudalembedwa ngati malamulo ang'onoang'ono okhazikitsa nduna. Nyumba ya Malamulo ikadatha kukuika m'lamulo lenileni, n'kupatsa bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA ndalama zokwanira zoyendera mafakitale ndi zipata za Dedza ndi Biriwiri.

Wina anena kuti ife kumtunda kuno nyanja ya mchere ikutikhudza pati. Taonani kumene madzi amalowera. Malire athuwa amatsata msana wa mapiri. Mvula yogwa mbali ya kwathu imatsika ndi Linthipe kapena Livulezi kukalowa m'nyanja ya Malawi, n'kutuluka ndi Shire. Yogwa ku Angónia, tsidya la Mozambique, imatsetsereka ndi Revúbuè kukagwera mu Zambezi pa Tete. Zonse zimakakumana mu Zambezi n'kukathira m'nyanja ya India. Jumbo siola, imangothetheka tizidutswa ting'onoting'ono timene nsomba zimameza. Isanafike n'komwe kumeneko imakhala itatseka ngalande zapamsika, ndipo opha mbuzi amadziwa chimpukutu cha majumbo chomwe amachipeza akang'amba chifu.

Pa za nyanja yathu yomweyi, Mozambique idaika gawo lake la nyanjayi, yomwe iwo amaitcha Niassa, pansi pa chitetezo mu 2011. Ife tidayamba kale, Lake Malawi National Park ndi ya 1980. Tanzania ndiye sidataye nthawi ndi ma micron, idangoletseratu majumbo onse kuyambira pa 1 Juni 2019.

Sindikuti ku Mozambique zonse zili bwino, ayi. Aphungu awo adalambalalidwa masanasana pa ngongole ya madola 850 miliyoni ya kampani ya EMATUM mu 2013, yomwe ankati ndi yogulira maboti ophera nsomba za tuna. Mabotiwo adachita dzimbiri padoko la Maputo, ndipo mu 2019 bwalo lawo loona za malamulo oyendetsera dziko lidati ngongoleyo njosavomerezeka. Zoterezo sitizisirira.

Koma pa majumbo, olemekezeka aphungu a Ntcheu ndi Dedza, inu ndinu amene madera anu agundana ndi malire. Kakambiraneni ndi anzanu a ku Tete kuti muyezo ukhale umodzi, wa 60, ndipo jumbo iliyonse idindidwe makulidwe ake ndi dzina la fakitale, kuti woyendera msika azilanda katundu kwa woitanitsa ndi wopanga, osati kwa mayi wa tomato.