Chitseko ndi chanu, lekani kusaina pakhomo

Ndakwiya ndipo sindibisa. Usiku wathawu pa gulu lina la WhatsApp la Amalawi okhala kuno ku UK munthu waponya uthenga wa mawu, mphindi zinayi zathunthu, akulumbira kuti a TV Licensing, oona za laisensi yoonera TV, ukakana kuwatsegulira amathyola chitseko, kunyamula TV, kenako kukakuneneza ku Home Office, ofesi ya boma yoona za maviza. Bodza lamkunkhuniza. Chondiwawa n'choti bodza lomweli lamupweteka kale mtsikana wina wogwira ntchito yosamalira okalamba. Masabata apitawo anangoweruka ya usiku, maso ali psuu ndi tulo, kunja kwamveka kugogoda. Watsegula, walowetsa mlendo wa TV Licensing mpaka pabalaza, wayankha funso lililonse, wasaina pepala osaliwerenga. Lero wagwira kalata ya kukhoti m'manja, kulira. Ndiye mwanayu saonera n'komwe kanema wa pompopompo. Zake ndi Netflix ndi YouTube basi. Atamufunsa kuti TV anaonera liti komaliza, iye anangoti dzulo, ndipo mawu amodzi omwewo analembedwa pafomu.

Abale anga, chitseko ndi chanu. Munthu wa TV Licensing wabwera wopanda walanti ya khoti alibe mphamvu yolowa m'nyumba mwanu, olo phazi limodzi. Si wapolisi. Dzina loti TV Licensing ndi la BBC, ndipo ntchito yoyenda m'makomo anaipereka ku kampani ya Capita. Wogogodayo ndi wantchito wa kampani, ufulu wake pakhomo panu ndi wofanana ndi wa wobweretsa makalata: afike, agogode, alankhule ngati mwalola. Mukati zikomo, sindikufuna kulankhula nanu, n'kutseka chitseko, nkhani yathera pomwepo. Simunaphwanye lamulo lililonse. Palibe lamulo lokukakamizani kutsegula, palibe lokukakamizani kutchula dzina, palibe lokukakamizani kusaina.

Ndibwereze, chifukwa ena timamva kachiwiri. Wopanda walanti salowa pokhapokha inu mutamulola. Ngakhale mutamulola, mukasintha maganizo ali pakati pa balaza mutha kumuuza kuti atuluke, ndipo ayenera kutuluka.

Walanti ilipo, sindikukana. Ili mu gawo 366 la Communications Act ya 2003. Koma siitoledwa pamsewu. Amayenera kupita kwa majisitireti, ku Scotland kwa sheriff, n'kukalumbira kuti ali ndi zifukwa zomveka zoganizira kuti m'nyumbamo mukuphwanyidwa lamulo. Ikaperekedwa imagwira ntchito mwezi umodzi, ndipo kawirikawiri amabwera ndi apolisi. Tsiku limenelo ndiye musachite makani. Pemphani kuti muione, onani ngati adilesi ndi yanu, onani deti, kenako apatseni njira, chifukwa kutsekereza munthu wa walanti ndi mlandu wina paokha. Chimene walanti imawalola ndi kulowa, kuyang'ana ndi kuyesa zipangizo zoonerapo kanema. Zonyamula TV kupita nayo mulibemo m'gawo limenelo. Wa uthenga wa mawu uja anazitenga kuti, kaya.

Tsono pepala lija. Ndi fomu yolembapo zimene mwayankha, ambiri amaidziwa ndi nambala yake, TVL178. Asanayambe kufunsa amakuchenjezani monga achitira apolisi, kuti simukukakamizidwa kunena kanthu koma chimene munene chitha kukhala umboni. Mukamva mawu amenewo dziwani kuti macheza atha, tsopano akufufuza mlandu. Amafunsa dzina, tsiku lobadwa, kuti munaonera liti komaliza, tchanelo chake chiti. Mukasaina pansi, mwavomereza kuti zolembedwazo ndi mawu anu. Milandu yambiri ya laisensi imaima pa pepala limeneli, pakamwa pa mwini nyumba, osati pa galimoto zamakina ofufuzira ma TV zimene timaopsezana nazo. Anthu timadzimanga tokha ndi cholembera cha mlendo, titaima pakhomo ndi zovala zogonera. Ena amasaina poganiza kuti akulembetsa zolipira pang'onopang'ono, ena poganiza kuti ndi umboni chabe woti munthuyo anafika. Safunsa anadya phula. Ngati mwasankha kuyankha, werengani mzere uliwonse, pamene palembedwa zosiyana ndi zimene mwanena kanani kusaina mpaka pakonzedwe, ndipo tengani kope yanu.

Ndipo yemwe amapita kukhoti ndi amene wapezeka pakhomo n'kuvomera, osati landilodi, osati bambo a m'nyumba amene ali kuntchito. N'chifukwa chake mwa anthu 10 alionse oimbidwa mlandu umenewu, oposa 7 amakhala amayi. Ndiwo amapezeka pakhomo masana, ndiwo amatsegula. Kwathu tinaleredwa kuti mlendo sabwezedwa pakhomo, umamupatsa mpando. Ulemu umenewo sungirani apongozi.

Musandimve molakwa, sindikuphunzitsa munthu kuba. Ngati mumaonera, lipirani, ndipo lamulo lake ndi losavuta kuposa mmene timalikometsera. Laisensi imafunika mukamaonera kapena kujambula pulogalamu pa nthawi imene ikuulutsidwa, pa tchanelo chilichonse, pa chipangizo chilichonse: TV, laputopu, foni, tabuleti, zonse. Si za BBC zokha ayi. ITV pompopompo, mpira wa pa Sky, masewero a pompopompo pa Amazon Prime, ngakhale kanema wa kumudzi monga MBC mukamamuonera pa intaneti nthawi imene akuulutsa, zonsezo zimafuna laisensi. Apa ndi pamene ambiri a ife timagwa, poganiza kuti za kunja siziwerengedwa. Chachiwiri ndi BBC iPlayer, poonera mapulogalamu a BBC pa intaneti: kuyambira pa 1 Sepitembala 2016 chilichonse cha BBC chimene mwaonera pamenepo, chakale kapena chatsopano, chimafuna laisensi.

Kupatula pamenepo, muli mfulu. Kukhala ndi TV m'nyumba si mlandu. Mutha kukhala ndi chi TV chodzadza khoma, mukamaonera mafilimu a pa Netflix, mavidiyo ojambulidwa kale a pa YouTube, ma DVD, kapena ana akamasewerapo PlayStation, simufunika laisensi. Lamulo limayang'ana chimene mukuonera, osati bokosi.

Mtengo wake mu Epulo 2025 unafika £174.50 pachaka, kuchoka pa £169.50. Ndi yochuluka, inde, koma ikani pambali pa chindapusa chimene chitha kufika £1,000 kuonjezapo ndalama za khoti, kenako laisensi yomweyo n'kuigulabe. Mukasankha kulipira mwezi ndi mwezi kudzera ku banki, dziwiranitu kuti laisensi yoyamba amaidula pa miyezi 6, kenako ya pamwezi imatsika: pa mtengo wa 2025 inali pafupifupi £29 pamwezi, n'kutsika kufika cha m'ma £14.50. Ambiri amadzidzimuka pa mwezi woyamba n'kuimitsa, n'kupezeka alibe laisensi osadziwa. Amene zinthu zawathina pali ndondomeko yolipira pang'onopang'ono yotchedwa Simple Payment Plan. Wa zaka 75 kupita m'tsogolo amene amalandira Pension Credit, thandizo la boma kwa okalamba opeza zochepa, salipira, koma ayenera kupempha, sizibwera zokha. Wosaona amene analembetsedwa amalipira theka. Mukasiya kuonera kapena mukamachoka m'dziko muno kudakali mwezi wathunthu kapena kuposa pa laisensi yanu, pemphani akubwezereni yotsalayo. Ndalama zanu zimenezo.

Inu okhala m'nyumba zogawana zipinda, tcherani khutu. Ngati nonse munasaina pangano limodzi la lendi, laisensi imodzi ikwanira nyumba yonse. Ngati aliyense ali ndi pangano lakelake la chipinda chake, woonera m'chipinda mwake ayenera kukhala ndi yakeyake. Musadalire mawu a landilodi oti zonse zili mu lendi, muuzeni akuonetseni. Ndipo mukasamuka, laisensi siikutsatirani yokha, muyenera kusintha adilesi. Anthu amalipira chaka chonse nyumba imene anachokamo, kwinaku kumene akugona kulibe kanthu.

Makalata a TV Licensing aja, a zilembo zofiira, olembedwa kuti The Legal Occupier. Mukaona mawu amenewo dziwani kuti ngakhale dzina lanu salidziwa. Kompyuta imangotumiza ku adilesi iliyonse yopanda laisensi, mwezi ndi mwezi, mawu ake n'kumakulirakulira ukali. Si samani ya khoti. Ngati simufunika laisensi, lamulo silikukakamizani kuwayankha. Mukafuna mtendere, lowani pa webusaiti yawo mudzaze kuti simufunika laisensi, makalata amaima kwa kanthawi, ngakhale atha kutumizabe munthu kudzaona. Akabwera, malamulo ndi omwe aja. Muuzeni akuonetseni chitupa chake cha ntchito, ndipo kulowa kapena kusalowa mwini wake ndinu.

Koma pali kalata imodzi imene simuyenera kuiponya m'bini, ndipo apa ndiye timachita zosemphana: yoopseza chabe timanjenjemera nayo, yeniyeni timaibisa pansi pa matiresi. Ku England ndi Wales imatchedwa Single Justice Procedure Notice. Imeneyo ndi ya khoti, ili ndi dzina lanu, ndipo muli ndi masiku 21 oti muyankhe ngati mukuvomera kapena mukukana. Mukakhala chete, majisitireti mmodzi amagamula pa mapepala okha inu kulibe, osadziwa kuti mumalandira zingati, osamva mbali yanu. Mlandu suola. Dzazani gawo la ndalama zimene mumapeza, chifukwa chindapusa chimayendera malipiro anu. Lembani zokuchepetserani, kaya matenda, kaya munali musanamvetse. Ngati zolembedwa pafomu ija si zoona, kanani mlandu, mukaonekere kukhoti. Pitani ku Citizens Advice, uphungu wake ndi waulere. Kusowa laisensi pakokha sikutsekeretsa munthu m'ndende, koma kunyozera chindapusa cha khoti kutha kukufikitsani kumeneko. Ndipo poti mafomu a Home Office amafunsa ngati munapezekapo wolakwa kukhoti, ife a maviza sitingamasewere ndi siginecha. Wogogoda uja sakakunenezani, koma chigamulo mudzachilemba nokha ndi dzanja lanu tsiku lina.

Nchifukwa chake ndikulimbikira. Cholembera chimene mwapatsidwa pakhomo n'choopsa kuposa munthu amene wakupatsaniyo. Tsekani chitseko mwaulemu, khalani pansi, dzifunseni ngati mumaonera za pompopompo kapena iPlayer. Ngati inde, gulani laisensi tsiku lomwelo pa foni yanu. Ngati ayi, gonani tulo.

Ndipo inu a ma gulu a WhatsApp mundikwane. Munthu wafika chaka chatha, lero ndi loya wa aliyense, mawa ndi dokotala, mkuja ndi katswiri wa maviza. Mumatumiza chilichonse osayesa n'komwe kufufuza. Sabata yomweyi wina anaponyanso linki yoti dinani apa akubwezereni ndalama za laisensi, ikufunsa nambala ya khadi la ku banki ndi manambala atatu a kumbuyo aja. Akuba enieni amenewo, ndipo a admini anangoika chala cha m'mwamba. Mpaka pano linkiyo ikadali pagulupo.