Mwana akuphunzira kutsegula pakamwa pa odwala, inu mukuti akutaya fizi?

Koma abale anthu ena akamwa Fanta waulele pakamwa pamayabwa eti. Loweruka tinali pa chinkhoswe ku Chibavi, kamvula ka Mzuzu kosatha kaja kakuwaza, tonse tathinana mu tenti, ndiye mwana wa achemwali anga amene wabwera ku holide anali akugawa mbale. Abambo ena ake a jekete yabulauni, sindiwatchula koma akudzidziwa, anamufunsa kuti mwana wanga ukuphunzira chani kusukuluko. Iye mwaulemu, atagwada ndithu, anati speech therapy bambo, kuthandiza anthu amene akuvutika kuyankhula ndi kumeza. Abambo aja kuseka mpaka kumenya bondo la mnzawo. Ati aaa ndiye makolo ako akugulitsa mbuzi kuti ukaphunzitse anthu kuyankhula? Ine ana anga onse anayankhula okha opanda digiri ya munthu, bwanji osangopanga unesi ngati anzako? Tenti yonse phwete. Mwana anangomwetulira nkupitiliza kugawa mpunga, ine chakudya chinakana kutsika.

Bambo inu, ana anu anayankhula okha, thokozani Mulungu mukhale chete. Si aliyense anayankhula yekha. Ndipo si aliyense amene akuyankhula lero adzafe akuyankhula. Imeneyi ndi ntchito yeniyeni, ndi sukulu yeniyeni, ndipo mwana uja sakusewera.

Mukudziwa chimene sitiroko imachita inu? Magazi akasiya kufika mbali ya kumanzere ya ubongo, kumene ambirife mawu amachokera, mkono ndi mwendo wakumanja zimafa ndipo mawu amathawa. Mwa anthu atatu amene agwidwa sitiroko pafupifupi mmodzi amatsala ndi vuto limeneli. Munthu nzeru zake zilipo, akukuonani, akukudziwani kuti ndinu mwana wake, akufuna madzi akumwa koma liwu loti madzi silikubwera. Ife pamtundu pathu tinaziona ndi maso. Mayi athu, agogo ake a mwana yemweyu, atagwa ku dimba anatsala ndi liwu limodzi lokha, "iyayi". Mukufuna phala? Iyayi, uku mutu akugwedeza kuvomera. Mukumva kuwawa? Iyayi, misozi ili chuchuchu. Anthu a mpingo amabwera kudzazonda nkumakambirana za iwo pamaso pawo ngati palibe munthu, ena ati asokonekera mutu ena ati pali dzanja la munthu. Amene amakhala nawo pamphasa anali mwana uyu, ali Fomu 2, kuwajambulira kapu ndi chimbudzi ndi bulangete pa katoni kuti agogo azingoloza. Palibe anamuphunzitsa. Ndiye lero wapita kukaphunzira bwinobwino chinthu chimene anachiyamba pa katoni ya sopo, inu muli he he he unesi.

Unesi ndi wabwino, anesi ndimawalemekeza, koma dziko lonse likhale anesi ndi madokotala basi? Tinakula tikudziwa ntchito zinayi zokha, vuto ndi limenelo, tisataye nthawi pamenepo.

Ndiye kumeza. Apa ndi pamene mumaseka kwambiri paja, eti kuphunzitsa munthu kumeza. Wodwala sitiroko nthawi zambiri pakhosi pake sipatseka bwino, mukamumwetsa tiyi ali chagada tiyiyo amalowera njira ya mpweya nkupita m'mapapo, iye kutsamwa pang'ono kapena osatsamwa nkomwe, pakapita masiku thupi latentha, chibayo, maliro. Anthu nkumati sitiroko yamutenga pamene wamutenga ndi tiyi wa mu kapu yapulasitiki amene munamumwetsa inu ndi chikondi chonse. Mwana amene mumamuseka uja amadziwa kumukhazika wodwala tsonga, kumumvetsera mawu akameza ngati akumveka anyowa, kuona ngati akufunika phala lolimbirako m'malo mwa zamadzimadzi. Ndi zoseketsa zimenezo? Sekaninso tione.

Holide ino akugona kwathu ku Zolozolo ndiye ndikumuona mmene amawerengera. Kuzizira kwa kuno mukukudziwa, 4 koloko m'mawa ali kale pa tebulo wafunda bulangete, kagalasi kodziyang'anira kali patsogolo, akuyang'ana lilime lake lomwe kuti likugunda pati akamati ta, likugunda pati akamati ka. Tsiku lina ndinamupeza wagwira kapepala pafupi ndi milomo akuti pala, phala, pala, phala, kuona kuti kapepala kagwedezeka pa liti. Ndinaganiza kuti mwana wapenga ndi sukulu. Ali ndi mabuku a mitsempha ya m'mutu ndi minofu ya pakhosi, mayina ake ovuta kutchula, akuloweza ngati wina aliyense wa zachipatala. Ndipo chimene chimandigwira mtima ndi ichi, mabuku akewo analembedwa kunja, zithunzi zoyesera ana ndi za zinthu za kumeneko, mawu ake achingerezi. Mwana wa ku Mchengautuwa ukamuyesa ndi zimenezo alephera zonse chifukwa ife l ndi r timangosakaniza ndipo palibe wadwala. Ndiye iye amakhala pansi ndi sizasi kudula makatoni, kujambula mbuzi, nthochi, njinga ya kabaza, mbaula, kumbuyo kulemba Chichewa ndi Chitumbuka chifukwa akudziwa kuti agogo a ku Ekwendeni sitiroko ikawagwira sadzafuna chingerezi cha munthu. Chitumbuka chake nchopotoka, amapita kukakhala ndi amayi ogulitsa masamba kuseri kwathu kuti azimukonza, amamuseka iye nkumalemba. Uyu ndiye mukuti akutaya fizi?

Ndi ntchito, ndikubwerezanso, ndi ntchito. Pitani ku chipatala cha St John of God kuno ku Mzuzu konkuno mukaone amayi atabereka ana akuluakulu amene khosi silinalimbe, ana oti malovu akungotuluka ndipo chakudya chikuvuta kutafuna. Pitani ku Embangweni ku sukulu ya ana osamva. Funsani mayi amene mwana wake anadwala malungo a mu ubongo nkudzuka osayankhulanso. Funsani amene mwana wake anabadwa ndi mlomo wong'ambika mpaka m'kamwa, opaleshoni anachita bwinobwino koma mawu akutulukirabe m'mphuno ndipo anzake kusukulu akumuyeserera. Mwana amayenera kuyamba timawu pofika chaka chimodzi, pofika zaka 2 azilumikiza awiri, amama madzi, koma ife mwana wafika zaka 4 ali duu timangoti ayankhula, atate ake anachedwanso. Kenako timamutengera kwa agogo ena akamudule pansi pa lilime ndi lezala, pamene mwina mwanayo sakumva kumene ndipo palibe anamuyeza makutu. Akakula timamutcha bubu nkumutuma kotunga madzi moyo wake wonse. Anthu odziwa ntchito imeneyi m'Malawi muno ndi ochepa zedi, ndiye mmodzi wapezeka, wathu wathu, wadzipereka yekha, ife tikumuseka mu tenti uku tikudya mpunga umene watigawira iye.

Bambo a jekete, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Ndinakuonani mukuthira mchere wina pa nyama yokazinga, BP munayezetsa liti? Sindikukutembererani ayi. Koma tsiku limene mudzafune kuitana akazi anu dzina nkukana kutuluka, nesi adzakubayani jakisoni nkupita kwa wodwala wina, dokotala adzalemba mankhwala nkupita, amene adzakoke mpando nkukhala nanu mpaka liwu libwerere ndi wotaya fizi yemweyo.

Ndipo poti ndayamba kale ndinene ndi izi. A MC a pa chinkhoswe chomwecho, inunso. Nthawi ya perekaniperekani munayamba kuyeserera munthu wachibwibwi, a-a-a-akuchimuna bwe-bwe-bwerani, anthu kugubuduka ndi kuseka ndalama zikuponyedwa. Nthabwala zanu zinatha kodi? Mwa anthu akuluakulu 100 pafupifupi mmodzi ali ndi chibwibwi, ambiri mwa iwo amuna, ndiye mu tenti ija munalidi wina amene anangoweramitsa mutu kudikira kuti mumalize. Chimayamba mwana ali wamng'ono, zaka 2 mpaka 5, ambiri chimawathera koma ena chimakhala, ndipo kumukalipira kuti yankhula bwino iwe kumangowonjezera mantha. Mose amene mumamulalikira Lamulungu lililonse anadandaula yekha kuti lilime lake ndi lolemera mpaka Aroni ankamuyankhulira, mukanakhala naye pa chinkhoswe bwenzi mukumuyeserera nayenso? Ndi aphunzitsi ena a pulayimale chimodzimodzi, mwana wachibwibwi mumamuimika kutsogolo kuti awerenge mokweza kalasi yonse ikuseka, akakakamira pa liwu mwamukwapula eti akuchita dala. Dala? Mwana wa zaka 8 angasankhe yekha kuti anzake 90 azimuseka tsiku ndi tsiku? Ndipo a MC inu munalipidwa 80 pin pa zimenezi.