Musalembe dzina la ofesi, lembani loya amene adzagwire fayilo yanu

Eni mabizinesi muno mu Lusaka, bizinesi ikangoyamba kukula, amakonda kufunsana kuti, "Kodi maloya amphamvu ndi ati?" Mayina otchulidwa amakhala omwewo: Corpus, Musa Dudhia, Chibesakunda, Bowmans, Mulenga Mundashi. Onsewa ndi maofesi odziwika ndithu. Koma ine ndimaona kuti funsolo silithandiza. Ofesi yaikulu ya maloya ndi magulu angapo okhala pansi pa denga limodzi, ndipo gulu la zamigodi likhoza kukhala lakuthwa kwambiri pomwe la nkhani za antchito lili wamba. Funso loyenera ndi ili: pa nkhani yangayi, fayilo idzakhala pa tebulo la ndani, ndipo munthuyo wagwirapo nkhani zotere zingati?

Ambirife tikamva zoti loya wamkulu timaganiza za uja wovala mkanjo wakuda pa masitepe a High Court. Komatu maofesi akuluakuluwa ndalama zambiri sazipezera kukhoti. Amazipeza polemba mapangano a ngongole za mabanki, pogulitsa ndi kugula makampani, pa ziphaso za migodi, pa ntchito za magetsi ndi pa nkhani za msonkho. Chuma chikamayenda bwino, gulu la zamapangano ndi limene limagona mochedwa. Chikavuta, ntchito imasamukira kwa oona za mikangano ndi makampani ogwa, makamaka chikhazikitsireni Corporate Insolvency Act ya 2017, imene inatsegula njira yopulumutsira kampani isanatsekedwe.

Taonani zaka zapitazi. Mu 2019 ZCCM-IH, kampani yosunga magawo a boma mu migodi, inapita kukhoti kuti Konkola Copper Mines ithetsedwe, Vedanta, mwini wa magawo ambiri mu mgodiwo, nayo inathamangira kukhoti la ku Johannesburg, ndipo mkanganowo unakoka mpaka Vedanta itabwerera pa mgodiwo mu 2024. Mu Novembala 2020 dziko linalephera kulipira ngongole yakunja ya Eurobond. Kampani ya migodi ya Mopani inachoka m'manja mwa Glencore mu 2021, kenaka mu 2024 kampani ya ku Abu Dhabi inatenga magawo 51 pa 100 aliwonse. Zonsezi kwa ife zinali nkhani za pa wailesi, kwa maloya zinali ntchito ya zaka. Komanso dziwani kuti pa nkhani zazikulu chonchi mapangano ambiri amalembedwa motsatira malamulo a ku England, choncho otsogolera amakhala maloya a ku London, ndipo a kuno amasamalira mbali ya malamulo a Zambia. N'chifukwa chake maofesi athu amalowa m'magulu a kunja: Musa Dudhia ali mu ALN, Chibesakunda ali mu DLA Piper Africa, Bowmans ndi dzina lochokera ku South Africa. Ubale umenewu umabweretsa ntchito. Sukutanthauza kuti nkhani ya shopu yanu ya ku Kamwala idzawerengedwa ku London.

Za phindu lawo musamavutike nazo. Maofesiwa ndi a anthu ogwirizana paokha, sali pa msika wa masheya wa LuSE, ndipo salengeza mabuku awo. Amene akukuuzani kuti ofesi yakuti inapanga mamiliyoni akuti chaka chatha akungobwereza zomva.

Nanga masanjidwe aja a maloya otsogola, a Chambers ndi Legal 500, amene maofesiwa amawaika pa LinkedIn? Ali ndi ntchito yake, koma mvetsani mmene amapangidwira. Ofesi imatumiza yokha mndandanda wa ntchito zimene yagwira ndi mayina a makasitomala oti afunsidwe. Ndani angapereke dzina la kasitomala wokwiya? Ndiye chimene mukuwerenga ndi maganizo a mabanki ndi migodi imene inasangalala. Chothandiza pamenepo ndi mayina a maloya paokha. Loya wotchulidwa akachoka kukatsegula ofesi yake, makasitomala ambiri amapita naye, chikwangwani n'kutsala.

Tsopano tione pamene ofesi yaikulu imayeneradi ndalama zake. Tinene kuti mukugula kampani yokhala ndi nyumba yosungiramo katundu ku Chinika, antchito 40 ndi malole angapo. Choyamba loya wabwino adzakufunsani ngati mukugula masheya kapena katundu yekha. Mukagula masheya, kampani imabwera ndi zonse zake, ngongole za msonkho ku ZRA ndi za penshoni ku NAPSA zomwe, ngakhale zimene wogulitsa "anaiwala" kutchula. Kenaka loyayo amapita ku PACRA, kolembetsera makampani, kukaona eni ake enieni, ngati kampani imapereka malipoti a chaka ndi chaka, ndiponso ngati malolewo sanaikidwe chikole, pakuti kuyambira pa lamulo la 2016 katundu wosunthika naye ali ndi kaundula wake wa zikole. Amapitanso ku Unduna wa Malo kukafufuza taitolo. Malo onse mu Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, ife a mataitolo timangobwereka kwa zaka zosapitirira 99, choncho amaona zaka zotsala, lendi ya boma ngati inalipiridwa, ndi ngati palibe banki kapena munthu amene anaika chiletso pa taitoloyo.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Kusamutsa malo kumafuna chilolezo cha boma, kenaka msonkho wosamutsira katundu ku ZRA, umene umakhudzanso masheya. Ndipo pepala losamutsira malo likasainidwa muno mu Lusaka liyenera kulembetsedwa ku Lands and Deeds Registry pasanathe masiku 30. Likasainidwa kwina m'dziko muno ndi masiku 90, kunja kwa dziko ndi chaka chimodzi. Nthawi ikapitirira, pepalalo limakhala lopanda mphamvu, ndipo pamafunika kupempha khoti kuti liwonjezere masiku. Cholakwika chofala n'chakuti anthu amasaina ndi kulemba deti pa tsiku la chisangalalo, chilolezo ndi msonkho zisanatheke, masiku n'kuthera pa mzere. Loya wodziwa ntchito amasunga pepalalo osalemba deti mpaka zina zonse zitakonzeka. Ntchito yowerenga masikuyi saigwira mkulu wa ofesi amene munamwa naye tiyi. Imagwiridwa ndi loya wachinyamata wongotuluka kumene ku sukulu ya maloya ya ZIALE ndi kalaliki amene amadziwa khomo lililonse la ku unduna. Ndiye funsani za iwowo.

Pali zinanso ziwiri zimene wogula wopupuluma amazidumpha. Makampani akakhala aakulu kufika pa mlingo woikidwa ndi lamulo, kugulako kumafuna chilolezo cha CCPC, bungwe loona za mpikisano pa malonda, musanamalize, ndipo ngati bizinesi ikukhudza maiko angapo a COMESA, nkhani imapita ku bungwe lake loona za mpikisano ku Lilongwe. Kwinako ndi kwa antchito 40 aja. Employment Code Act ya 2019 imati wochotsedwa chifukwa ntchito yatha alandire malipiro a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene wagwira, ndipo wa kontrakiti ya nthawi yoikika alandire ndalama yothokoza yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake a nthawi yonseyo. Wogulitsa akakhala kuti sanasunge ndalamazi, werengerani nokha ndipo zichotsedwe pa mtengo, kapena gawo la mtengo lisungidwe kaye mpaka ngongole zitaoneka.

Musanafotokoze chinsinsi chilichonse, tchulani dzina la amene mukulimbana naye, ofesi ifufuze ngati si kasitomala wawo. Lusaka ndi yaing'ono, mabanki ndi owerengeka, ndipo maofesi akuluakulu ambiri amagwirira ntchito mabanki omwewo. Ngati mkangano wanu ndi wa ngongole ya banki, musadabwe akakukanani mwaulemu. Pamenepo ofesi yapakatikati yodziwa Commercial Court ingakumenyereni nkhondo momasuka kuposa yaikulu.

Pa nkhani ya bilu, safunsa anadya phula. Pemphani kalata ya mgwirizano ntchito isanayambe, yonena mtengo wa ola la mkulu, la loya wapakati ndi la wachinyamata, ndiponso ndani adzagwire gawo liti. Maloya atatu akabwera ku msonkhano umodzi wa maola awiri, mwalipira maola 6. Uzani ofesi kuti bilu ikafika pa ndalama yakuti aime, akufunseni kaye. Kumbukirani kuti pamwamba pake pali VAT ya 16 peresenti ndi zolipira ku PACRA ndi ku unduna, zimene si malipiro a loya. Ndalama zogulira kampani kapena malo zilowe mu akaunti ya makasitomala, imene lamulo limafuna kuti ikhale yosiyana ndi ya ofesi, ndipo mulandire risiti yonena zimenezo. Akakufunsani NRC ndi kumene ndalama zachokera musakhumudwe, lamulo la Financial Intelligence Centre, lolimbana ndi ndalama zopezeka mwachinyengo, limawakakamiza kutero. Inunso muli ndi ufulu wofunsa ku LAZ, bungwe la maloya, ngati loyayo ali ndi chiphaso cha chaka chino.

Kulembetsa kampani yatsopano, pangano la lendi ya shopu, kapena kulondola kasitomala amene wakana kulipira K50,000, zimenezi sizifuna ofesi ya nsanjika ku Rhodes Park. Loya wapakatikati adzazigwira yekha ndi manja ake, ndipo mukaimba foni adzayankha mwini wake. Ofesi yaikulu isungireni tsiku limene banki, ZRA, CCPC ndi Unduna wa Malo zonse zikufuna mapepala sabata imodzi, pamene pafunikadi maloya anayi a magulu anayi osiyana.