Pemphero la ife amene mawondo akutisautsa

Atate wakumwamba, tabwera pamaso panu titakhala pampando chifukwa kugwada kwatikanika. Mukudziwa kuti si mwano. Nyamakazi yatilowa m'mawondo, kamnofu koterera kamene munakuta nako nsonga za mafupa kaperepeseka, ndipo m'mawa tikati tidzuke, bondo limakhala louma gwa.

Kumbukirani amayi a ku Ndirande amene amatsetsereka ndi dengu pamutu kupita kumsika, mano ali chilumire. Kumbukirani abambo a ku Bangwe amene amakwera minibasi mochita kukokedwa dzanja, ndi agogo a ku Chilomoni amene chiperoni chikabwera mu Juni amachezera kusisita miyendo.

Ambuye, tichotsereni mantha oyenda. Ululu umatinong'oneza kuti tingogona pamphasa, chonsecho bondo longokhala limaumiratu, ndipo minofu ya pantchafu imene imalichirikiza imafooka. Tipatseni khama loti tsiku ndi tsiku tikhale pampando, tiwongole mwendo, tiwerenge mpaka 10, kenaka tiutsitse pang'onopang'ono, ngakhale tsiku limene mtima sukufuna. Mzinda wathu wa Blantyre ndi wa zitunda, tionetseni pamalo a see poti tiyendepo mphindi 10 lero, sabata yamawa tionjezere. Kusintha kukachedwa, musalole kuti tigwe ulesi.

Pa nkhani ya thupi ndiye tithandizeni ndithu, pakuti apa ambirife timalephera. Kilogalamu 1 ikachoka m'thupi, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu 4 nthawi iliyonse tikaponda pansi. Tigwireni dzanja pa mtanda wachitatu wa nsima, pa shuga wa mu tiyi, pa mandasi a m'mawa.

Ena a ife ndodo timaibisa kuseri kwa chitseko kuopa kutchedwa nkhalamba. Chotsani manyazi amenewa. Tiigwire ku dzanja la mbali ya mwendo wabwino, ndipo pa masitepe tiyambe ndi wabwinowo pokwera, wopwetekawo potsika.

Fewetsani mitima ya ana athu kuti atikwezere mbaula pamalo okwera, atikonzere chokhalira kuchimbudzi tisamanjute, atilandire ndowa ya madzi, atifunditsire nsalu yoika pabondo likauma. Dalitsani manja a anthu a mafizo ku zipatala za Queens ndi Kachere amene amatiphunzitsa kuyendanso.

Mutiteteze kuti tisaloze chala mnansi kuti watitchera nyanga panjira, pamene ndi mafupa athu atopa ndi zaka, ntchito ndi kuvulala kwakale. Ndipo bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, thupi lonse n'kuotcha, tipatseni nzeru yothamangira kuchipatala osazengereza.

Inu amene munati mawondo ogwedera alimbitsidwe, limbitsani athuwa, kuti Lamulungu likudzali tikafike m'nyumba yanu ndi miyendo yathu. M'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Ameni.