Ma observer akunjawa amangoonera mzere basi

Ndazimitsa wailesi ndi mkwiyo. Bambo wina wa tayi akuti chisankho chikavomerezedwa ndi ma observer akunja ndiye kuti nkhani yatha, wodandaula akungofuna chisokonezo. Bambo inu, 2019 munali kuti?

Tinavota pa 21 May. Patangopita masiku awiri, mavoti asanathe n'kuwonkhetsa komwe ku COMESA Hall, anthu a EU, a Commonwealth motsogozedwa ndi Thabo Mbeki, ndi a AU motsogozedwa ndi John Mahama anali atayamba kale kuyamikira. MEC inalengeza zotsatira pa 27 May. Ndiye iwo ankayamikira chiyani? Mzere. Agogo atakhala pamthunzi kudikira, inki pachala, bokosi lotsekedwa bwino. Zimenezo aliyense akhoza kuziona ali m'galimoto ya mawindo otseka.

Koma mavoti sabedwa pamzere dzuwa likuswa mtengo. Amabedwa papepala, usiku, pamene anthu atopa ndipo nyali ikuthima. Tipeksi anamata mafomu a zotsatira alendo athu ali kuhotela akulemba lipoti. Madando 147 anafika ku MEC. Mafomu ena anali ma duplicate, ena opanda siginecha. Anaziona ndani? Oweruza athu asanu a khoti la Constitutional, amene pa 3 February 2020 anafafaniza chisankho chonse cha pulezidenti. Ku Kenya mu 2017 n'chimodzimodzi: John Kerry wa ku America, mmodzi wa atsogoleri a ma observer akunja, anayamikira, kenako khoti lalikulu la dzikolo lotsogozedwa ndi David Maraga n'kutaya zotsatira.

Ena amati alendowa amaopa kuyatsa moto m'dziko la eni, n'chifukwa chake amalankhula mozungulira. Kaya. Nanga misewu ya Lilongwe ndi Mzuzu sinapse miyezi yambirimbiri ngakhale iwo anatinyengerera?

Mlendo ndi mame, abale, sachedwa kukamuka. Amabwera, kujambula mzere, kuwerenga chikalata pamaso pa atolankhani, n'kukwera ndege. Wotsala ndi boma zaka zisanu ndi iwe. Ndiye usandiuze kuti mawu a munthu amene sanakhale pa tally centre mpaka tambala kulira ndi chidindo. Si chidindo. Anaona theka, n'kulankhula ngati anaona zonse. Chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020 chinachitika kuli Covid, magulu akuluakulu akunjawo kulibe, koma chinayenda.

Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi mamonitala a zipani. Mnyamata wakhala pasukulu ya pulayimale kuyambira m'mamawa, wadya mandasi awiri, akuwalitsa fomu ndi tochi ya foni kuti aone ngati 18 sanasanduke 81. Iyeyo ndiye amateteza voti. Koma chipani chake chikangotha chisankho chimazimitsa mafoni, ka alawansi kake mpaka lero akukalondolabe.