Munthu wachira, inu mukuti abise?

Ndakwiya, ndipo amene ziwawawe ziwawawe basi. Kuyambira dzulo madzulo mtima wanga sunakhale m'malo chifukwa cha zimene ndawerenga pa gulu lathu la banja pa WhatsApp.

Alamu anga anachita ngozi zaka 3 zapitazo, fupa la m'chiuno n'kusweka. Ntchito inathera pomwepo. Boma linayamba kuwapatsa ndalama za aulumali mwezi ndi mwezi, ndipo zinali zowayenera. Ndinawaona ndi maso angawa akulephera kudziveka nsapato, kubafa akuchita kugwiriziridwa ndi achemwali. Palibe amene angandiuze kuti ankanamizira. Koma chaka chatha anawachita opaleshoni yachiwiri, anachita mafizo miyezi ingapo, ndodo anataya. Sabata yatha ndinawapeza ali pamwamba pa makwerero akupenta khoma, uku akuimba mluzu. Munthu wachira. Tonse tinathokoza Mulungu.

Ndiye achemwali alemba pa gulupo kuti Lolemba aimba foni ku ofesi yopereka ndalamazo kukanena kuti bambo akunyumba ayamba kupeza bwino. Abale inu, mukanaona mayankho ake! Azakhali ndiwo anayamba: "Mwana iwe, mutu ukuyenda? Ndalama zikubwera zokha, iwe ukufuna kukazitsekera khomo?" Wina akuti achemwali ndi opusa. Wina akuti boma silidziwa kanthu, likhale chomwecho losadziwa. Wina, munthu wophunzira bwinobwino, akulangiza kuti ndodo zija asazitaye, azidzazitenga tsiku lokaonana ndi dokotala. Asa! Munthu tamupempherera zaka 3 kuti ayende, lero wayenda, mukumuphunzitsa kutsimphina?

Mukachira, nenani. Mfundo yanga ndi yomweyo, ndilibe ina.

Tsiku limene alamu ankapempha chithandizochi anasaina fomu. Pa fomupo panalembedwa kuti zinthu zikadzasintha, kaya thupi lafookerapo kaya lapeza mphamvu, adzanene. Anasaina ndi dzanja lawo. Sanasaine azakhali, sanasaine a pa gulu la WhatsApp. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kalata ikadzabwera idzakhala ndi dzina la alamu, ndipo onse amene akuchemerera lerowa mafoni awo adzakhala ozimitsa.

Chimene anthu sakufuna kumva ndi ichi: ndalama imene ikulowa mu akaunti munthu atachira, iye osanena, si mphatso. Ndi ngongole. Mwezi uno ngongole, mwezi wamawa ngongole ina pamwamba pake. Inu mukuiona ngati mwayi chifukwa palibe amene wagogoda pakhomo. Komatu mlandu suwola. Amawerenga kuchokera tsiku limene munayenera kunena, osati tsiku limene akugwirani. Mwadya chaka chathunthu, mudzabweza za chaka chathunthu, ndipo nthawi imeneyo ndalamazo zidzakhala zitatha kalekale, osadziwa n'komwe kuti munagulira chiyani.

Ndipo musaganize kuti ndi dziko limodzi lokha lokhwimitsa zinthu. Ku Britain, wolandira PIP, ndalama zimene boma limapereka kwa olumala ndi odwala nthawi yaitali, akapanda kunena kuti zinthu zasintha amabweza zonse zimene analandira mopyola, akhozanso kulipitsidwa chindapusa cha £50, ndipo akaona kuti anabisa dala nkhani imakathera kukhoti ngati yachinyengo. Ku America, wolandira SSI, chithandizo cha boma kwa olumala ndi okalamba opeza movutikira, amayenera kunena pasanathe masiku 10 kuchokera pamene mwezi umene zinthu zasinthawo watha. Masiku 10, osati "tidzaona chaka chamawa". Komwekonso fayilo ya munthu amaiunikanso: ngati ankayembekezera kuti achira, pakati pa miyezi 6 ndi 18, ngati kuchira n'kotheka, pafupifupi zaka 3 zilizonse. Ku South Africa, SASSA, nthambi ya boma yoona za chithandizo, imapereka kwa olumala chithandizo cha kanthawi cha miyezi 6 mpaka 12, ndipo ngakhale chija amati chokhazikika sichitanthauza kuti ndi cha moyo wonse, amachiunikanso. Ndiye inu mukamati boma silidziwa, mukutanthauza kuti silikudziwa lero. Fayilo ya kuchipatala ilipo. Dokotala amene anachita opaleshoni analemba. Wa mafizo analemba tsiku limene ndodo zinasiyidwa. Mapepala saiwala ngati azakhali.

Ndikudziwa, moyo wakwera mtengo, ndipo anthu amaopa kuti chithandizo chikadulidwa sichibweranso. Chabwino, ndamva.

Koma mantha amenewo akukupangitsani kubisa chinthu chimene mwina sichikanakuphani mukanachinena. Kunena kuti mwapezako bwino sikuti basi mawa lake ndalama zadulidwa. Amaunika kaye. Mwina achepetsa, mwina asiya momwemo, mwina aimitsa. PIP ija, imene inayamba mu 2013, sayang'ana n'komwe ngati uli pantchito kapena ayi. Amayang'ana mmene vuto lako likukuvutitsira pa zochita za tsiku ndi tsiku ndi pa kayendedwe. Alipo ambiri amene amagwira ntchito uku akulandira, mwalamulo, masana dzuwa likuswa mtengo. Ku America wolandira SSDI, chithandizo cha aulumali cha anthu amene ankagwira ntchito, amapatsidwa miyezi 9 yoyeserera ntchito akulandirabe ndalama zake zonse, ndipo zikadzaima chifukwa cha ntchito koma thupi n'kudzakananso pasanathe zaka 5, pali njira yachidule yozibwezeretsera osayambiranso pachiyambi. Makomo onsewa amatsegukira munthu amene wanena. Wobisa alibe khomo, ali ndi zenera lothawira.

Tsono taganizani moyo umene mukuwafunira alamu anga. Munthu wa mphamvu zake, wofuna kubwerera kuntchito, azikhala ngati mbava m'nyumba mwake. Akamva kugogoda, athamangire ndodo. Akafuna kunyamula mwana wake pabwalo, ayambe wayang'ana uku ndi uku. Chithunzi chilichonse chisanapite pa Facebook achemwali aziyamba aunika ngati bambo akuoneka athanzi kwambiri. Akapeza kaganyu azilandira mobisa, osalemba paliponse, akapwetekanso pamenepo osadziwa kokadandaula. Uku akufuna malipiro, uku akufuna chithandizo, zonse mumdima. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndi kuchira kwanji kumene munthu sangakuonetse pagulu?

Ndipo ana akuona. Mwana wa achemwali wa zaka 9 uja ali ndi maso. Aziona bambo ake akukwera makwerero Loweruka, Lachiwiri akutsimphina polowa mu ofesi. Mawa akadzakunamizani kuti homuweki anaiwala kusukulu mudzamukalipira ndi pakamwa pati?

Chinanso chimene chandiwawa kwambiri ndi mawu akuti "aliyense amatero". Ayi, si aliyense. Ndipo ochepa amene amaterowo ndi amene amachititsa kuti munthu wolumala zenizeni azifunsidwa mafunso ngati wakuba. Mayi amene sangathe kudzuka pabedi yekha azilemba mafomu a masamba ambirimbiri, azifotokozera mlendo mmene amapitira kuchimbudzi, azidikira miyezi, chifukwa choti ena anasandutsa ndodo kukhala yunifolomu ya tsiku la malipiro. Inu mukuti mukubera boma. Boma silimva kuwawa. Amene akumva ndi mayi uja.

Achemwali, ngati mukuwerenga izi, imbani foniyo Lolemba. Mulembe tsiku, nthawi ndi dzina la amene mwalankhula naye. Mutumizenso kalata, kope lake musunge. Munene zonse, zabwino ndi zotsala zomwe: kuti ndodo anasiya, komanso kuti akaima nthawi yaitali chiuno chimawawabe, kukazizira amagona movutika. Osawonjezera, osachotsera. Azakhali akwiya, akwiye. Adzakhululuka msanga kusiyana ndi ofesi ija.

Azakhali, ulemu wanu ndimaupereka ndipo ndidzaupereka mpaka kale, koma apa mwalakwa. Mwamutcha mwana wanu wopusa chifukwa chofuna kunena zoona. Pa gulu, ana ang'onoang'ono akuwerenga. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndinu nomwe munkatiuza mwambi umenewu tili ana. Lero mwauiwala chifukwa uthenga wa kubanki ukulira mwezi ndi mwezi?

Popeza ndayamba kale, ndimalize ndi inu a mbali inayo, chifukwa nanunso mumanditopetsa. Inu amene mumakhala pazenera kuwerengera anthu odwala masitepe. Mukangoona munthu wolandira chithandizo waseka, kapena watsika pa njinga yake ya olumala n'kuyenda pang'ono kukafika pageti, basi foni m'manja, "tamugwira, amanamizira". Ndinu madokotala kuyambira liti? Alamu anga achira miyezi yotsatizana, dokotala watsimikiza, n'chifukwa chake ndikuti anene. Tsiku limodzi labwino si kuchira. Pali matenda a nyamakazi, a msana, a khunyu, a maganizo, oti lero munthu ali bwino mawa sangathe kutukula mutu. Ngakhale malamulo a PIP amayang'ana mmene munthu amakhalira pa masiku oposa theka, komanso ngati chinthucho angachichite mosadzipweteka, mobwerezabwereza ndi pa nthawi yoyenera. Iwo amene amapereka ndalamawo akudziwa zimenezi, koma inu a pazenera ayi.

Mwezi watha wina anaika pa Facebook chithunzi cha neba wake, mayi wodwala msana, atanyamula kachikwama pamsewu, n'kulemba kuti "onani olumala a masiku ano". Anthu kuseka, kugawana, ena mpaka kufunsa nambala yokamunenera. Mayi ameneyo mukudziwa anagona masiku angati atabwerako kumeneko? Foni yanuyo inajambulanso zimenezo?